CHENJEZO KWA MAKOLO NDI ACHINYAMATA A KU UNIT G: MANKHWALA A CHIFUWA NDI MAPIRITSI AKUTITHERA ANA

Amayi, abambo, agogo, amalume ndi azakhali a ku Unit G ndi mayuniti ena onse a kuno ku Seke, chenjezo ili ndi lanu. Ndi lanunso inu achinyamata, kaya muli pasukulu kaya munasiyira panjira. Mankhwala amene anapangidwa kuti azichiritsa odwala asanduka choledzeretsa cha ana athu. Akuwawononga ubongo, chiwindi ndi mano, akuwachotsa pasukulu, ndipo amatha kupha munthu ali m'tulo usiku umodzi wokha. Werengani mpaka kumapeto, ndipo amene maso awo anayamba kuvuta muwawerengere mokweza.

Ndalemba m'chinenero chathu mwadala. Machenjezo a boma ndi a apolisi amamveka m'Chishona ndi m'Chingerezi, ndipo ambiri a ife timawamva ngati nkhani ya anthu ena. Ife amene makolo athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Chipata ndi ku Angonia kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale a dziko lino, tinaphunzira kukhala chete. Tinazolowera kuti za m'nyumba zizithera m'nyumba, ndi kuti kupolisi kapena kuofesi munthu sapitako wamba. Khalidwe limenelo linatisunga pa nthawi yake, koma pa nkhani iyi likutiphetsa ana. Wogulitsa mankhwalawa amadalira manyazi anu omwewo. Amadziwa kuti muona, mudandaula, koma simunena.

Tiyambe ndi kabotolo kamene tonse takaonapo m'ngalande, kuseri kwa matakishopu, kapena pamulu wa zinyalala m'njira zopita ku Makoni. Ndi BronCleer, mankhwala a chifuwa opangidwa ku South Africa, amene anyamata amawatchula kuti bronco kapena ngoma. Kuno ku Zimbabwe mankhwalawa mulibe m'kaundula wa bungwe loyang'anira mankhwala la Medicines Control Authority of Zimbabwe. Ndiye kuti botolo lililonse limene mwaliona m'dera lathu linalowa mozemba, ambiri kudzera pachipata cha Beitbridge, atabisidwa m'malole, m'mabasi ndi m'katundu wa amalaicha, aja onyamula katundu wa anthu kudutsa malire. Pamodzi ndi bronco, apolisi amalandanso Benylin wokhala ndi codeine, Adco-Salterpyn ndi ena a mtundu womwewo. Mayina ndi ambiri, koma chimene anawo akuchifuna m'mabotolo onsewa ndi chimodzi.

Akufuna codeine. Ameneyu ndi wa banja limodzi ndi morphine ndi heroin, ndipo akalowa m'thupi, chiwindi chimasandutsa gawo lake kukhala morphine weniweni. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mankhwala ambiri a chifuwa a mtundu umenewu amakhala ndi mamiligalamu 10 a codeine pa kasupuni kamodzi ka mamililita 5. Botolo la mamililita 100 ndi timasupuni 20, kutanthauza mamiligalamu 200. Dokotala akamapereka codeine kwa munthu wamkulu amene akubuula ndi ululu, sapitirira mamiligalamu 60 pa nthawi imodzi. Mnyamata wa zaka 15 akagugudiza botolo lonse, wamwa kupitirira katatu mlingo wa bambo ake. Ndipo amene thupi lake lazolowera sakhutira ndi botolo limodzi.

Imfa imabwerera pa kupuma. Codeine amagonetsa mbali ya ubongo imene imauza mapapo kuti akoke mpweya. Munthu amayamba kupuma patalipatali, kenako mpweya umachepa m'magazi, iye ali m'tulo osamva chilichonse. Choopsa china, chimene ogulitsa sachidziwa n'komwe, n'chakuti matupi athu sasandutsa codeine mofanana. Alipo anthu amene mwachibadwa chiwindi chawo chimachita zimenezi mofulumira kwambiri, ndipo palibe chizindikiro chakunja chowadziwira. Anyamata awiri akhoza kugawana botolo limodzi, wina n'kudzuka m'mawa, wina osadzuka. N'chifukwa chake mu 2015 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linaletsa kupatsa ana osakwana zaka 12 codeine wa chifuwa. Mu 2018 dziko la America linalamula kuti mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine akhale a anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo mu 2024 dziko la Britain linati madzi a codeine a chifuwa asagulitsidwenso popanda kalata ya dokotala. Kuno ku Africa, BBC itaonetsa mu Epulo 2018 mmene mankhwalawa anasakazira achinyamata a ku Nigeria, boma la dzikolo linaletsa kuwapanga ndi kuwaitanitsa kunja pasanathe sabata. Mayiko amenewo anachita mantha ndi mankhwala otuluka m'famase yovomerezeka. Ana athu akumwa otuluka m'chikwama cha munthu pakona.

Botolo la pakona palibe amene angalumbire za m'kati mwake. Silinayezedwe ndi aliyense kuno, layenda masiku m'dzuwa, ndipo likhoza kukhala lachinyengo kapena lothiridwamo zina. Kumbukirani za ku Gambia mu 2022, kumene ana aang'ono pafupifupi 70 anamwalira impso zitasiya kugwira ntchito, ndipo bungwe la WHO linachenjeza za mankhwala a madzi a chifuwa ndi chimfine amene munapezeka poizoni. Amenewo anali mankhwala omwetsedwa ndi makolo achikondi, pa mlingo wa supuni. Nanga womwa botolo lonse?

Mwana amene wayamba bronco mumudziwa bwanji? Anyamata eni ake amati munthu wasitika. Mumupeza wakhala pakalavati kapena pansi pa mtengo, mutu wazolika, kukamwa kuli yasa, nthawi zina dovu likutsika. Maso ali pang'onopang'ono, ndipo mukayang'anitsitsa, mwana wa diso wachepa ngati nsonga ya singano ngakhale pali mthunzi. Amadzikanda kumaso ndi m'mikono. Mukamufunsa kanthu, yankho limabwera patapita nthawi, mawu akukokeka. Kunyumba zizindikiro zimakhala zina. Amakhalitsa m'chimbudzi chifukwa chodzimbidwa. Amakonda zotsekemera, ndipo mano amayamba kubooka chifukwa madziwo ndi a shuga wambiri. Amagona masana, kusukulu akuchita ulesi, kusamba akuiwala. Amayenda ndi botolo la chakumwa chozizira limene salisiya pansi ndiponso safuna kuti mng'ono wake amweko, poti anathiramo zake. Kenako zinthu zimayamba kusowa: dola ya buledi, foni ya mlongo wake, simbi yositira, mpaka silinda ya gasi. Chizindikiro chimodzi chokha sichikwanira kumuweruza mwana, pakuti unyamata pawokha umasintha munthu. Koma zikakumana zitatu kapena zinayi, musadzinamize kuti ndi kukula.

Tsopano mapiritsi, amene ine ndimawaopa kuposa botolo chifukwa amabisika m'thumba la yunifolomu. Anawo amawatchula kuti mangemba ndi mayina ena amene amasinthasintha. Ambiri ndi diazepam ndi chlorpromazine, mankhwala amene madokotala amapereka kwa odwala matenda a maganizo, a nkhawa yaikulu kapena okomoka. Amagulitsidwa limodzilimodzi, atakulungidwa m'kapepala kapena m'kapulasitiki, popanda bokosi, popanda dzina, popanda tsiku lothera mphamvu. Wogula sadziwa chimene wameza. Chlorpromazine amatha kupinda khosi la munthu wabwinobwino, kulimbitsa nsagwada, kutulutsa lilime kunja, ndi kumugwetsa pansi akangoimirira. Diazepam amagonetsa ubongo monga mmene amachitira codeine ndi mowa. Ndiye mnyamata akaphatikiza bronco, mangemba ndi mowa wa musombodhiya usiku umodzi, wasonkhanitsa zinthu zitatu zimene zonse zikuletsa mapapo ake kupuma. Imfa zambiri za mankhwala otere zimabwera chifukwa cha kuphatikiza kumeneku. Palinso tramadol, wa ululu, amene akachuluka amagwetsa khunyu munthu amene sanagwepo chibadwire. Ndipo amene amasuta mutoriro, uja ena amati guka kapena dombo, akakhala masiku osagona amathamangira mapiritsi omwewa kuti apeze tulo, motero chizolowezi chimodzi chimabala chinzake.

Mapiritsiwa ena amadutsa malire, ena amabedwa pa gawo la odwala. Ena, abale anga, amachokera m'nyumba zathu momwe. M'nyumba zambiri za ku Unit G muli agogo amene amamwa mankhwala a BP kapena a shuga, muli wodwala khunyu amene amamwa phenobarbitone, muli wina amene anapatsidwa amitriptyline kapena mankhwala ogonetsa. Mapiritsi onsewo amakhala m'kachikwama pamwamba pa wadirobu kapena m'chitini pambali pa bedi, ndipo palibe amene amawawerenga. Mwana wofuna kuledzera sasankha, amatola alionse amene mnzake wamuuza kuti amagwira. Piritsi la shuga limatsitsa shuga wa munthu wosadwala mpaka kukomoka. Amitriptyline akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima. Ndipo mapiritsi akatha tsiku lisanakwane, wodwala uja amabwerera m'matenda ake, banja n'kumadabwa kuti mankhwala asiya kugwira ntchito.

Ngakhale panado, amene timagula patakishopu ngati maswiti, si wamasewera. Munthu wamkulu sayenera kupitirira mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa maola 24, ndipo mwana wa thupi laling'ono mlingo wake ndi wocheperapo. Mankhwala ambiri a chimfine ndi a ululu alinso ndi paracetamol yemweyo m'kati, kuphatikizapo Adco-Salterpyn uja, choncho womwa botolo lonse pofuna codeine wamwanso paracetamol wochuluka osadziwa. Chinyengo cha paracetamol n'chakuti tsiku loyamba munthu amaoneka bwinobwino, mwina kungosanza pang'ono. Chiwindi chimawonongeka mwakachetechete, ndipo pofika tsiku lachitatu maso achita chikasu, nthawi yabwino yomuthandiza yadutsa. Mankhwala oletsa poizoni ameneyu amagwira bwino kwambiri akaperekedwa maola 8 asanathe. Mwana akakuuzani kuti wamwa mapiritsi ambiri, kaya chifukwa cha zotsatira za mayeso a ZIMSEC, kaya chibwenzi chatha, kaya ali ndi mimba imene akuopa kuulula, musadikire kuti muone ngati adwale. Nyamukani nthawi yomweyo. Mafunso mudzafunsa pambuyo, ndipo mudzafunse mofatsa, chifukwa mwana wofika pamenepo mtima wake wasweka kale.

Atsikana athu ali ndi msampha wawo. Akugula Apetito ndi mapiritsi ena onenepetsa kuti akhale ndi mbina ndi chiuno chonga cha akazi a pa TikTok ndi Instagram. Mankhwala amenewa kwenikweni ndi a ziwengo, ndipo amagonetsa, kotero mtsikana amasinza m'kalasi tsiku lonse. Ena mwa mapiritsi onenepetsa ndi dexamethasone, amene amatupitsa nkhope, kukweza shuga ndi BP, ndi kufoola chitetezo cha m'thupi. Mafuta oyeretsa khungu a m'timachubu, amene ambiri ndi mankhwala amphamvu a matenda a pakhungu, amapyapyalitsa khungu ndi kusiya zipsera zosachoka. Zimandiwawa kunena kuti nthawi zina amene amayambitsa mtsikana zimenezi ndi azakhali ake kapena mkulu wake, poganiza kuti akumukongoletsa.

Wina asanene kuti izi ndi za ana a amphawi kapena a makolo osapemphera. Mu Januwale 2023 sukulu ya Dominican Convent ku Harare, imodzi mwa sukulu zolemekezeka m'dziko muno, inachotsa atsikana 8 chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo. Mwezi wotsatira apolisi anayamba ntchito yaikulu yosaka ogulitsa m'dziko lonse, ndipo mu Juni 2024 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anakhazikitsa ndondomeko ya boma yolimbana ndi vutoli kuyambira 2024 mpaka 2030. Zimenezo n'zabwino, ndipo tikufuna kuziona zikufika kuno ku Seke, makamaka pa malo ochiritsira amene munthu wamba angakwanitse. Koma Chitungwiza ndi tawuni ya anthu oposa 370,000. Wapolisi sangawerenge mapiritsi a m'chitini cha agogo, ndipo sangadziwe kuti mwana wanu wagona kuti usiku wapitawu.

Tonse tikudziwa chimene chikukankhira ana kumeneku. Mafakitale amene analera makolo athu ambiri anatseka kapena anachepetsa antchito. Mnyamata amamaliza Fomu 4 n'kumakhala pakona kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku lililonse lofanana ndi linzake. Makolo ambiri ali ku Joni, ku Botswana kapena ku Britain, ana anatsala ndi agogo okalamba kapena okhaokha, ndalama zikungolowa pa foni popanda wofunsa kuti zagula chiyani. Amene tili pano timachoka mbandakucha kukakwera kombi ya ku Harare kapena kukaima pamzere wa pamjigo, n'kubwera kutada titatopa. M'nyumba imodzi mumakhala mabanja angapo a maloja, ndipo aliyense amaopa kudzudzula mwana wa mnzake. Zonsezi n'zoona, ndipo mwana amene wagwa m'zimenezi ndimamumvera chisoni. Amene sindimumvera chisoni ndi munthu wamkulu wogulitsa.

Inu amene mumagulitsa, ndikulankhula nanu, ndipo ena mwa inu ndinu athu. Ena ndinu amayi a bizinesi yodutsa malire, amene pansi pa mabulangete ndi mafuta ophikira mumaika makatoni angapo a bronco poti ndiwo amabweza msanga ndalama ya ulendo. Ena ndinu eni nyumba amene mukudziwa bwinobwino kuti chipinda chakuseri chasanduka bezi yogulitsira mankhwalawa, koma mumatseka maso chifukwa lendi ikubwera pa nthawi yake. Ena mumagwira ntchito pamene pamasungidwa mankhwala. Mumati mukusaka ya sukulu ya ana anu. Ndalama imeneyo yachokera m'simbi yositira imene mwana wa mnzanu waba kwa amayi ake. Kugulitsa kapena kusunga mankhwala osalembedwa m'kaundula ndi mlandu pansi pa lamulo la Medicines and Allied Substances Control Act, ndipo anthu akumangidwa nawo. Koma ngakhale mutazemba apolisi, katundu amene mwamulowetsa m'dera sasankha pakhomo. Mwana wanu amasewera ndi omwewo amene mumawagulitsa. Siyani lero.

Inunso amene mumayenda pa msewu wa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza kupita kumudzi, musalandire phukusi lomata limene simunalione m'kati, ngakhale wokupatsani ndi wachibale. Matenda amenewa sitikufuna kuwatumiza ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndi manja athu.

Gawo lotsatirali lisungeni pamtima, chifukwa likhoza kupulumutsa moyo usiku uno. Mukapeza mwana wagona ndipo sakudzuka, muitaneni mokweza, mugwedezeni, mutsineni. Ngati sakuyankha, yang'anani kapumidwe kake. Kupuma kosakwana ka 12 pa miniti, kupuma kodukizadukiza, mkonono wachilendo wonga wa munthu amene akutsamwa, milomo ndi zikhadabo zotuwa kapena zoderako, thupi lozizira ndi lonyowa: zimenezo si tulo, munthuyo akufa. Musanene kuti musiyeni agone zimuchoke. Anthu ambiri amafa anzawo ali pompo akuganiza kuti akuliza mkonono chabe. Musamumwetse mkaka, tiyi, madzi amchere kapena mafuta ophikira, ndipo musamupisitse chala kukhosi kuti asanze, chifukwa munthu wokomoka amatsamwa ndipo masanzi amalowa m'mapapo. Musamuthire madzi ozizira. Mugonekeni chammbali, osati chagada, mutu utapendekera kumbuyo pang'ono kuti mpweya uzidutsa. Ngati wasiya kupuma, amene anaphunzira chithandizo choyamba ayambepo nthawi yomweyo. Pezani galimoto iliyonse imene ili pafupi, ya neba kapena mushikashika, muthamangire ku Chitungwiza Central Hospital. Wina akhale naye pambali ulendo wonse. Tengani botolo, kapepala kapena mapiritsi otsala amene mwawapeza, ndipo mukawauze anamwino zoona zokhazokha: wamwa chiyani, zochuluka bwanji, nthawi yanji, waphatikiza ndi chiyani. Pali jakisoni wotchedwa naloxone amene amabweza mphamvu ya codeine m'kanthawi kochepa, koma sagwira pa diazepam kapena pa mowa, choncho adokotala ayenera kudziwa chimene akulimbana nacho. Bodza loteteza dzina la banja limatayitsa nthawi imene mwanayo alibe.

Inu anyamata amene mumamwera limodzi, mnzanu akakomoka musamuthawe poopa kufunsidwa. Itanani munthu wamkulu. Kufunsidwa ndi apolisi kumatha, koma kukumbukira kuti munamusiya mnzanu akufa kuseri kwa durawolo simudzakuiwala.

Ngozi ikadutsa, kapena mukazindikira isanafike, ntchito yeniyeni imayamba. Mwana amene thupi lake lazolowera codeine akasiya, pasanathe tsiku amayamba kuyasamula, kutuluka mamina ndi misozi, thukuta, tsemwe, kuphwanya m'thupi, kupotokola ndi kutsegula m'mimba, kusowa tulo. Zimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo zambiri zimachepa pakatha sabata, ngakhale chibaba chimatsalira nthawi yaitali. Sakunamizira, ndipo si ziwanda. Ndi thupi limene likufuna chimene linazolowera. Wa diazepam ndiye asasiyitsidwe mwadzidzidzi n'komwe, chifukwa akhoza kugwa khunyu loopsa. Ameneyo amachepetseredwa pang'onopang'ono ndi dokotala. N'chifukwa chake kumukhomera m'chipinda, kumumanga unyolo kapena kumukwapula sikuchiritsa, ndipo kukhoza kupha. Pempherani, inde, kutchalitchi, kumzikiti kapena kumasowe, pemphero limalimbitsa banja. Koma mukachoka kopempherako mupite nayenso kuchipatala.

Ambiri a ife timathamangira nzeru yomutumiza mwana kumudzi, ku Malawi kapena kufamu kwa amalume ake. Kusintha malo kumathandiza ena, koma dziwani ichi. Munthu akakhala milungu ingapo osamwa, thupi lake limataya kuzolowera kuja. Akabwerera ku Unit G n'kumwa mlingo wake wakale, mlingo womwewo ukhoza kumupha. Masiku oyamba atabwera kumudzi, kuchipatala kapena kundende ndiwo oopsa kuposa onse. Muuzeni zimenezi iye mwini, ndipo mukhale naye pafupi.

Poyambira ndi pakiliniki ya khonsolo imene muli nayo pafupi, monga Seke North kapena Seke South, kapena ku Chitungwiza Central Hospital. Ofunika chithandizo chachikulu cha maganizo amatumizidwa ku Harare, ku Parirenyatwa Annexe kapena ku Sally Mugabe Central Hospital. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwana wanu wapenga. Funsaninso za Friendship Bench, ntchito imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Mbare, ya agogo ophunzitsidwa kumvetsera ndi kulangiza anthu olemedwa maganizo. Imathandiza mwana, imathandizanso mayi amene wasiya kugona chifukwa cha mwanayo. Mwana amene akuopa kuuza makolo ake akhoza kuimba kwaulere nambala ya Childline, 116. Chenjerani ndi malo ena ongotsegulidwa m'nyumba za anthu, olonjeza kuchiritsa m'masiku ochepa pa ndalama zambiri. Funsani ngati ndi ovomerezeka ndi Unduna wa Zaumoyo ndiponso ngati pali dokotala kapena namwino. Ndipo mwana akabwerezanso atasiya, musamutaye. Ambiri amene anasiyiratu anagwapo kangapo asanaime.

Iwe mng'ono wanga, iwe mlongo wanga amene sunayambe, ndikuuze chimene anzako sakuuza. Amene akukuitanira botolo loyamba laulere akufuna kasitomala. Poyamba udzamva kupepuka ndi kuiwala mavuto, n'zoona, ndipo sindikubisira. Pakapita miyezi udzakhala ukumwa kuti usadwale basi, kukoma kutatha kale. Kuti chinthu chili ndi chizindikiro cha kampani ya mankhwala sizitanthauza kuti n'chofatsa kuposa chamba kapena mutoriro. Ndipo iwe amene unayamba kale, ukadali mwana wathu. Uza munthu mmodzi wamkulu amene umamukhulupirira, kaya ndi amalume, aphunzitsi, abusa kapena ashehe. Usayese kusiya wekha mobisa ngati umamwa mapiritsi tsiku lililonse.

Atsogoleri a mipingo, a CCAP, a Katolika ndi ena onse, akuluakulu a m'mizikiti, a mabungwe athu a maliro, ndi inu akuluakulu a kudambwe amene anyamata amakumverani kuposa wina aliyense, nkhaniyi ilowe m'misonkhano yanu mwezi uno. Itanani namwino kapena wa kufamase adzalankhule ndi anthu anu. Tinaphunzira kusonkha ndalama za bokosi ndi basi ya kumanda, tiphunzirenso kusonkha ya kombi yopititsa mwana kuchipatala akadali moyo. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukaona mwana wa neba akulowa m'bezi, kauzeni makolo ake mwaulemu ndi mwamseri, ndipo inu ouzidwa musayankhe ndi mkwiyo, pakuti wobwera kudzakuuzani wadziika pa chiswe chifukwa cha mwana wanu. Nyumba imene ikugulitsa ikanenedwe kupolisi ya Makoni, ndipo ngati mukuopa kupita nokha, pitani angapo kapena dzerani kwa khansala.

Musanagone lero, sonkhanitsani mankhwala onse a m'nyumba mwanu. Awerengeni, lembani chiwerengero chake, atsekereni ndi loko, kiyi akhale ndi munthu mmodzi wamkulu. Otha ntchito ndi otsala musawataye kudzala kumene ana amatola, kafunseni kufamase kapena kukiliniki mmene mungawatayire. Musagulenso mankhwala pamsika, m'basi kapena kwa woyenda nawo m'chikwama, ndipo musatume mwana kukagula mankhwala a chifuwa. Mukatero muitaneni mwana wanu, mukhale naye pansi popanda chikwapu, mumufunse zimene akuziona kusukulu ndi pakona, ndipo mumumvetsere mpaka amalize.